Khadi ya Mng'ono, Chifuwa cha Mkulu

"Ndati ayi, ndipo ndikubwerezanso kuti ayi," anatero Dokotala akupukuta magalasi ake ndi nsonga ya tayi. "Khadi ya chipatala imeneyo ili ndi dzina langa ndi nkhope yanga. Mukufuna mundichotsetse ntchito?"

Mkazi wake anali mphunzitsi wa ana aang'ono, ndipo anazolowera kubwereza funso mpaka wofunsidwa atatopa. Anaika kapu patebulo, tiyi n'kutayikira pansalu.

"Nkhope yanuyo ndi ya alamu anganso. Mayi anu sanavutike n'kuumba ziwiri, anangobwereza imodzi yomweyo. Kusiyana kwake n'koti inu muli ndi masaya, iwo alibe."

Kuseri kwa nyumba, m'kachipinda kamene kale ankasungamo matayala ndi zitini za penti, achimwene ake a Dokotala anayambanso kutsokomola. Chinali chifuwa chouma, chochokera pansi penipeni, chomveka ngati munthu akukhwekhwereza thumba pa konkire.

Udokotala wa Dokotala sunali wa jakisoni, unali wa mapepala. Ankaphunzitsa ku yunivesite, ndipo kwa zaka zinayi anakhala akufufuza mmene ntchito ya munthu ndi kapezedwe kake zimamusankhira matenda. Lipoti lake linali litatha, lonenepa ngati njerwa, ndipo panatsala milungu itatu kuti akaliwerenge pamsonkhano waukulu wa anthu ophunzira. Linkasonyeza, ndi manambala ndi mizere yokwera ndi yotsika, kuti munthu wa maganyu amadwala msanga, amafika kuchipatala mochedwa, ndipo amaikidwa m'manda mnzake wa mu ofesi akusankhabe mtundu wa galimoto. Achimwene akewo ankanyamula matumba a simenti pa depoti ina, ndipo chaka chimenecho chinali chawo cha khumi ndi chimodzi.

Mayi wa m'nyumbamo anamukumbutsa mwamuna wake kuti alamu ake apita kale katatu kuchipatala cha aliyense. Ulendo woyamba dzuwa linapendeka iwo akadali pamzere. Wachiwiri anawauza kuti makina ojambulira m'chifuwa anafa mwezi watha. Wachitatu anabwerako ndi timapiritsi tochepetsa ululu, ndi malangizo oti azimwa madzi ambiri. Pamene khadi ya kuntchito kwa Dokotala, yotsegula zitseko za chipatala cholipira, inkangogona m'chikwama, ntchito yake yaikulu chaka chonsecho n'kukhala yotsukitsa mano.

Dokotala anayankha mmene ankayankhira ophunzira ake. Anati vutoli si la munthu mmodzi koma la dongosolo lonse, kuti kubera khadi sikukonza kalikonse, ndi kuti mutu wachisanu ndi chimodzi wa lipoti lake ukunena bwino lomwe malamulo ofunika kusintha.

"Malamulowo podzasintha alamu adzakhala ali kuti? Zengerezu adalinda kwawukwawu, bambo. Mwawerenga anthu a eni zikwi ziwiri, wanu wa kuseri kwa khitchini simunamuwerenge."

"Mukuyankhula ngati sizikundikhudza. Ndi m'bale wanga, bere limodzi."

"Chibale ndi fupa, sichiola, amatero akuluakulu. Koma mapapo si fupa. Amaola."

Dokotala anatulutsa chikwama m'thumba, n'kusolola khadi ija ngati wofuna kuona tsiku lake lothera, anaiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, n'kuiika pamwamba pa firiji. Kenako anatola makiyi n'kutuluka. Sanaipereke, sanaibise. Ali m'galimoto anadziuza kuti waiiwala, ndipo pofika pageti la yunivesite anali atakhulupirira.

Pobwerako masana anapeza jekete lake labuluu lili pampando, achimwene ake atakhala pakhonde ndi jumbo ya mankhwala pamiyendo. Anali akumwetulira, chinthu chimene anali atasiya kwa miyezi.

"Iwe Dokotala, jekete lakoli lili ndi mankhwala," anatero. "Ndangolivala, mlonda wa pageti wandichitira sawatcha."

Anafotokoza nkhani yonse, mlamu wawo akuthirira ndemanga ali pakhomo la khitchini. Mtsikana wa pawindo anangoyang'ana khadi, n'kuyang'ana jekete, basi. Anawakhazika pampando wofewa, anawafunsa ngati tiyi amamwa wamkaka, ndipo tiyiyo asanazizire anali ataitanidwa kale. Mlamu wawo anali atawalangiza kuti manja asawatulutse m'matumba, poti nkhope ikhoza kunama koma zikhatho za munthu wa simenti sizinama. Anawajambula, anawatenga magazi. Dokotala weniweni, mayi wachitsikana woyankhula mwaulemu, anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, n'kunena kuti mapapo adzaza fumbi ndipo pamwamba pake pabwera chibayo. Chimene chinamuzunguza mutu n'chakuti mphunzitsi wa ku yunivesite fumbi lochuluka chonchi walitenga kuti.

"Ine mtima unaima," anatero mlamu wawoyo. "Koma alamu, osaphethira n'komwe, akuti, 'Choko, adokotala. Timalemba kwambiri.'"

Anaseka onse awiri, mpaka kuseka kwa achimwene kunasanduka chifuwa. Malangizo anali oti azikaonekera mlungu uliwonse, apume milungu isanu ndi umodzi, ndipo fumbi asaliyandikire. Dokotala sanaseke nawo. Anangofunsa kumene kuli khadi, ndipo anauzidwa kuti ili pabwino.

Patapita masiku atatu mkulu wa dipatimenti anamuitanitsa. Anali bambo waimvi, woyankhula mofatsa, ndipo tsiku limenelo anaimirira n'kumukokera mpando, zimene anali asanachitepo. Patebulo panali kalata. Chipatala cholipira sichichita zinthu mwatheka: chinali chitalembera abwana a wodwala wake kuti munthu wawo apatsidwe mpumulo.

"Bwanji osatiuza, mnzanga? Munthu kumabwera kuntchito ndi mapapo otere?"

Zonse zinali zitakonzedwa kale. Apuma milungu isanu ndi umodzi, malipiro ake osakhudzidwa. Makalasi ake agawana anzake. Lipoti lija akaliwerenga wachiwiri wake, poti ulendo ungamutopetse. Ndipo komiti yakhazikitsidwa yoti ione za kuchotsa choko m'makalasi onse.

Dokotala anatsegula pakamwa kuti anene zoona. Koma mkuluyo, pofuna kumulimbitsa mtima, anapitiriza kuti makhadi amenewa ndi dalitso lalikulu, n'chifukwa chake chaka chatha sanamunyengerere kalaliki wina amene anabwereketsa yake kwa msuweni wake. Anamuchotsa tsiku lomwelo, ndipo nkhani ikadali kukhoti. Dokotala anatseka pakamwa. Ataona kuti mkuluyo akudikira kanthu, anaika nkhonya pamlomo n'kutsokomola pang'ono.

Kunyumba anafikira kukalipa. Zaka zinayi za thukuta lake zikawerengedwa ndi munthu wina, amene ngakhale manambala ake sawamvetsa. Mkazi wake anamumvetsera akusita malaya, kenako anati walira mvula walira matope, ndipo kuti firiji ya m'nyumbamo sinayambe yapitapo m'chikwama cha munthu kukatenga khadi.

Choncho mpumulo unayamba. M'mawa uliwonse achimwene ankamwa mapiritsi awo, kuvala ovolosi, n'kupita ku depoti, chifukwa lamulo la kumeneko linali losavuta kuloweza: ukajomba masiku atatu, nambala yako amapatsa wina. Dokotala ankatsala m'zovala zogonera, bulangeti pamiyendo, poti anzake a kuntchito ankabwera osachenjeza. Ankabwera ndi malalanje, maapulo, maluwa, ndi mapemphero. Ankamuuza kuti akuoneka bwino kwambiri poyerekeza ndi zimene amva, iye n'kuyankha kuti matendawa ndi a m'kati. Alendo akachoka ankanyamula zipatso zija n'kukaziika pakhomo la kachipinda kakuseri.

Loweruka masana kunabwera wachiwiri wake uja ndi amayi awiri a mu ofesi. Anakhala pakhonde. Wachiwiriyo ankanena kuti lipotilo wangoliwerenga kawiri, ndipo likagwedeza anthu. Makamaka ndime ija yoti wosauka amapita kuntchito akudwala chifukwa njala siipereka tchuthi. Akuyankhula choncho geti linatseguka, achimwene n'kulowa, otuwa kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato, maso okha ali ofiira.

Mmodzi wa amayi aja anakweza dzanja.

"Bambo inu, dzerani uko. Fumbi limenelo musayandikire nalo wodwala."

Achimwene anaima, anavula chipewa, n'kupepesa. Kenako anayang'ana mng'ono wawo.

"Wodwala akupeza bwanji lero?"

Alendo onse anatembenukira kwa Dokotala. Anafuna kunena kuti awa ndi achimwene anga, koma anaopa kuti akangotero, alendowo ayamba kuyerekeza nkhope.

"Pang'onopang'ono," anayankha.

"Zikomo. Muzipuma," anatero achimwene, n'kuzungulira kuseri, akutsekereza chifuwa ndi chipewa kuti chisamveke.

Lachitatu lotsatira, dzuwa lili paliwombo, lole inaima pageti. Anthu awiri otuwa anatsitsa achimwene atawagwira m'khwapa. Wamkulu mwa awiriwo, amene anzake ankamutcha a Ndevu, anafotokoza kuti agwa ndi thumba paphewa, akomoka kanthawi, ndipo atatsitsimuka choyamba kufunsa chinali chakuti kapitao waona kapena ayi.

Atawagoneka, mkazi wa Dokotala anatseka chitseko cha kachipindako n'kuima kutsogolo kwa mwamuna wake.

"Nyumba ino ili ndi wodwala mmodzi ndi mpumulo umodzi, koma zikugona m'zipinda zosiyana. Inu ophunzira, zimenezi mumazitcha chiyani?"

Dokotala analowa m'kachipindamo n'kukhala pa chitini cha penti. Anawauza achimwene ake kuti ntchitoyo aisiye. Iye awadyetsa, awaveka, ana awo atatu amene ali ndi mayi awo kumudzi awaphunzitsa. Ankayankhula ndi mtima wonse, ndipo anadabwa kuona achimwenewo akupukusa mutu papilo.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mng'ono wanga. Lero ulipo. Mawa akakugwira ndi khadi ija, tidzadya mapepala akowo tonse? Chipinda chino n'chako, mankhwalawa alembedwa dzina lako, ngakhale matenda anga tsopano ndi ako. Nambala ija yokha ndiyo yanga. Mawa ndipuma, Lachisanu ndipita."

"Mukafa kumeneko."

"Ukalemba m'buku lako."

M'mawa mwake Dokotala anavala suti n'kupita ku depoti kukaonana ndi kapitao za achimwene ake. Kapitaoyo, munthu wamfupi wa cholembera kukhutu, anamupukutira mpando ndi mkono wa malaya. Dokotala anafotokoza bwinobwino kuti wantchito wopuma akadwala amabwerako ndi mphamvu, kuti bwana amene amasamala anthu ake ndiye amapindula, ndi kuti zonsezi zinafufuzidwa. Kapitao ankagwedeza mutu. Nthawi yonseyo maso ake anali pa nsapato za mlendoyo ndi pa makiyi a galimoto.

"Zomveka, bwana, mukuoneka kuti munaphunzira. Kalata ya chipatala ya dzina lawo muli nayo?"

Dokotala anali nayo kalata, yosindikizidwa bwino, koma dzina lake linali lolakwika.

"Ngakhale mukanakhala nayo," anapitiriza kapitao, "ine pano sindilemba anthu, ndimaitana manambala. Nambala siidwala. Taonani uko." Analoza kugeti, kumene amuna osachepera makumi atatu anakhala pamthunzi wa mpanda, ena ndi nsalu zomangira kumphuno zili kale m'khosi. "Onsewo akudikira kuti wina atsokomole kwambiri. Ine ndemwe ndikajomba, mawa mupeza wina pampando pano. Fotini, nambala yawoyo, ikapanda kuyankha mawa, ndiipereka."

Lachisanu kutangocha, mkazi wake anamupeza kuseri akulimbana ndi ovolosi ya achimwene, imene inauma ndi simenti moti ikanatha kuima yokha. Mayiyo anangomuvula magalasi, anamumanga nsalu kumphuno mpaka masaya anabisika, n'kumuikira buledi m'thumba.

Achimwene anayesa kudzuka kuti amuletse, koma miyendo inakana. Ataona kuti sizitheka, anayamba kumulangiza ali chigonere: thumba asalinyamule ndi msana, alilandire ndi phewa, m'mawa asathamange, poti tsiku ndi lalitali, madzi azimwa pang'onopang'ono, ndipo koposa zonse asayankhule mawu a m'mabuku.

Pa depoti anaima pamzere ndi anzake makumi awiri, onse zipewa zotsika, nsalu kumphuno.

"Fotini."

"Ndilipo."

Kapitao anachonga papepala osadzutsa mutu.

Thumba loyamba linamukhalira paphewa ngati munthu wamkulu wokwiya. Dokotala ankadziwa kulemera kwake, anali atakulemba m'lipoti, koma sankadziwa kuti thumba la simenti limakhala lofunda, kuti limapuma fumbi m'khutu mwako uliwonse ukaponda, ndi kuti thabwa lokwerera mu lole limavina. Pofika thumba lakhumi mawondo anali akunjenjemera. Pofika masana nsalu ya kumphuno inali itanyowa ndi thukuta n'kuuma ngati chikopa, moti anamvetsa chifukwa chake ena ankaitsitsira m'khosi. Madzulo anafika kunyumba akuyenda ngati nkhalamba, zikhatho zitatuluka matuza, ndipo achimwene ake, atakhala pakhonde ndi bulangeti pamiyendo, anamusendera lalanje.

Anapitanso Loweruka, n'kupitanso Lolemba. Mlungu umenewo chifuwa cha achimwene chinayamba kufewa. Anayamba kudya, ndipo pokaonekera kuchipatala anayamikiridwa kuti akutsatira malangizo. Cha Dokotala ndiye chinayamba, chaching'ono, chokanda pakhosi. Mkazi wake, akumuthira mankhwala m'matuza, anati bola pobwerera ku yunivesite sakanama.

Lachisanu la msonkhano lija linamupeza atakhala pamatabwa kuseri kwa depoti, nthawi ya nkhomaliro, buledi m'dzanja. Foni inanjenjemera m'thumba. Unali uthenga wa wachiwiri wake: lipoti lalandiridwa ndi m'manja, anthu aimirira, ndipo wapampando wapempha onse kuti akhale chete mphindi imodzi pokumbukira mlembi wake, amene ali chigonere chifukwa chodzipereka pantchito. Dokotala anauwerenga ataufikitsa pafupi ndi maso, poti magalasi anali kunyumba, n'kubweza foni m'thumba.

A Ndevu anabwera n'kukhala pambali pake. Anatafuna kanthawi, akuyang'ana malole.

"Akupeza bwanji akulu anu?"

Dokotala anasiya kutafuna.

"Musaope, pano palibe wa pakamwa," anatero a Ndevu. "Tinadziwa pa thumba loyamba. Kapitao amaona nambala, ife timaona kayendedwe. Mumayesa n'chifukwa chiyani masiku onsewa mwakhala mukupatsidwa lole yapafupi?"

Dokotala anathokoza ndi mawu otsika, n'kunena kuti achimwene akupezako bwino, ayamba kuyenda mpaka kugeti.

A Ndevu anagwedeza mutu. Anati akulu akewo anawafotokozera zonse tsiku lotsatira atachokera kuchipatala chija: za mpando wofewa, za tiyi wamkaka, za makina amene amaona m'kati mwa munthu ngati akuyang'ana pawindo. Anati iwo pa depotipo atha zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo kuyambira nyengo yozizira yapitayi akatsokomola m'mawa amaona timadontho tofiira. Sananene modandaula, ananena ngati akukamba za tayala la lole limene layamba kutha.

Kenako anaika buledi wawo pabondo. Anamasula nsalu ya m'khosi, anaithira madzi a m'botolo, n'kupukuta nkhope yawo mosamala, chipumi, mphuno, masaya, mpaka khungu linaoneka. Anavula chipewa. Anatembenuzira nkhope kumanja, n'kuitembenuziranso kumanzere, ngati munthu wofuna kujambulidwa.

"Tandiyang'anitsitsani, achimwene. Ndevuzi ndikhoza kumeta. Mphunoyi kapena, ngakhale chipumi chokha. Palibe penapake pamene tikufananako?"

Dokotala anakweza maso. Kumbuyo kwa a Ndevu, amuna ena anayi anali atasiya kudya, ndipo nawonso anali akumasula nsalu zawo.